A Malizani ndi Vavu Yofiira

A Malizani Jonasi anabadwira m'malaini a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, m'nyumba ya chipinda chimodzi yomwe khomo lake linkayang'ana kumunda. Bambo awo anachokera kutsidya kwa malire ali mnyamata, ndipo anathyola tiyi mpaka msana unakana. Kunyumba ankalankhula Chilomwe, kusukulu ndi kumunda Chichewa. A Malizani anakula ndi zilankhulo ziwirizo, komanso ndi khalidwe lomwe linkawatopetsa mayi awo. Akaona chinthu chotseka, mtima sunkakhala pansi mpaka aone m'kati mwake. Anamasulapo tochi ya mlonda, loko wa pakhomo, ndi pampu ya njinga ya amalume awo. Zina ankazibwezera bwinobwino, zina zinkathera pomwepo.

Sukulu sanapite nayo patali. Analowa ntchito yothyola tiyi, kenako anasamukira konyamula nkhuni za bulugamu kupita nazo ku boyila, ndipo pomaliza anawaika pa dalaya m'fakitale. Dalaya ndi chimakina chachitali chomwe tiyi amalowamo ali wonyowa, n'kutulukira mbali ina ali wakuda ndi wouma. Mpweya wotentha ukachuluka, tiyi amapserera. Ukachepa, amatuluka wosapsa ndipo amakachita chuku m'matumba. Ntchito ya a Malizani inali kuyang'anira motowo, kutsegula kapena kutseka pang'ono dampala, kachitseko kachitsulo kolowetsera mpweya. Pa makina amenewa ndi pomwe imvi zinawapezera.

Kale, esitetiyo inkaonetsa kanema m'holo ya antchito mwezi ukatha. Mawu a kanemayo ankadutsa m'ampulifaya, makina okuzira mawu. Inali yachitsulo, yotuwa, yolemera ngati thumba la simenti. Anthu onse ankayang'ana kutsogolo, koma a Malizani, ali mnyamata, ankakonda kukhala pafupi ndi tebulo la woonetsa kanema n'kumasuzumira pa timabowo ta ampulifayayo. M'katimo munali timabotolo tagalasi toyaka ngati makala akutali. Ankadzifunsa kuti mawu a munthu amadutsa bwanji m'botolo. Woonetsa kanemayo sankadziwa, ndipo ankawathamangitsa.

Kanema anasiya kubwera. Holo ija inasanduka mosungira feteleza. Chaka chomwe a Malizani ankapuma pa ntchito, akuluakulu analamula kuti m'holomo musesedwe, ndipo iwo anapeza ampulifaya ija itaponyedwa pamulu wa zitsulo zakutha, pakati pa mawilibala othyoka. Anakapempha kwa a manijala. A manijala anaseka n'kunena kuti aitenge. A Malizani anaimangirira ndi malamba pa kaliyala pa njinga yawo, n'kukankha njingayo mtunda wonse mpaka kwawo ku Kapichi, komwe anali atamanga nyumba pa malo a akazi awo, a Fainess.

Ku Kapichi kunalibe magetsi nthawi imeneyo. A Fainess anayang'ana chitsulocho, n'kuyang'ananso amuna awo. Mawa lake anachiyala kansalu koluka pamwamba n'kuikapo Baibulo ndi botolo la maluwa apulasitiki. Chinakhala choncho zaka zingapo. Alendo ankayesa ndi katebulo.

Mapolo a magetsi atafika m'deralo, tchalitchi chawo chinali choyamba kulumikizidwa, ndipo patapita nthawi mwana wawo wamwamuna, Philip, yemwe amayendetsa thiraki ya katundu kupita ku Joni, anakokera magetsi m'nyumba ya makolo ake. Babu itangoyaka pabalaza, a Malizani anachotsa Baibulo ndi maluwa aja. Analumikiza sipika yakale yomwe anabwereka kwa oyandikana nawo, n'kuyatsa. Kunamveka kuti thu! Kenako zii. Fyuzi inali itapsa.

Anamasula chivindikiro. Aka kanali koyamba kuona m'katimo popanda wowathamangitsa. Munali fumbi, zisa za mavu zouma, ndi pepala lomatidwa pachivindikiro lomwe mphemvu zinadya n'kusiya ngodya yokha. Timabotolo tating'ono tinali chilili pamzere, ndipo kumapeto kunali mabotolo awiri akuluakulu. Limodzi linali loyera bwino, lokhala ndi banga lonyezimira ngati kalilole kumutu kwake. Linalo linali ndi mng'alu, ndipo banga lake linali litasanduka loyera ngati ufa.

"Ili lafa," anatero a Malizani.

"Chafa chonsecho," anayankha a Fainess ali kukhitchini. "Bwezeranipo maluwa anga."

Sanabwezere. Anamva kuti ku Bvumbwe kuli mayi wina wokonza mawailesi ndi mafoni, dzina lake a Mervis, amene anaphunzira zamagetsi kukoleji ku Blantyre. Anakulunga ampulifaya m'chiguduli n'kukwera nayo minibasi, kondakitala akudandaula kuti yadya malo a munthu.

Kashopu ka a Mervis kali kuseri kwa amayi ogulitsa kabichi ndi tomato, moyandikana ndi ometa tsitsi. Iwo ndi mayi wa zaka za m'ma fote, wolankhula mosathamanga, wovala magalasi omangidwa ndi waya mbali imodzi. A Malizani atatsitsa katundu wawo pa kauntala, thabwa linalira.

"Abambo, mwanditengera jenereta?"

"Ayi mayi, ndi ampulifaya. Ya kanema wa ku esiteti."

A Mervis anachotsa chiguduli, anasuzumira, kenako anakoka mpando n'kukhala pansi.

"Iii, mabotolowa ndi mavavu! Ine izi ndinangoziona pa chithunzi m'buku la kukoleji. Aphunzitsi anati tidumphe tsambalo, zinatha kale. Imayaka?"

"Ndiye ndabwera kuti inu mundiuze."

"Kukuuzani zoona, sindinagwirepo. Koma musapite nayo kwina. Isiyeni pano, ndikufuna ndiione."

Sanaisiye yokha. Anayamba kumapita ku Bvumbwe tsiku lililonse la msika, kunyamula nthochi za a Fainess kukapikulitsa, kenako n'kukakhala pa benchi m'shopumo. A Mervis ankagwira ntchito zawo za mafoni, ndipo makasitomala akachepa ankatembenukira ku ampulifaya. Anaipukuta, anasintha makapasita akale, timigolo tosunga magetsi, omwe anali atatupa, anachotsa waya wamagetsi wofumbutuka n'kuika wina. Timavavu tating'ono tonse tinali tamoyo. Chotsala chinali vavu yaikulu yong'aluka ija. A Mervis anajambula nambala yake pa foni n'kutumizira Philip, ndipo iye anayenda m'mashopu a zinthu zakale ku Joni mpaka anaipeza. Inabwera itakulungidwa m'masokosi. Nambala inali yomweyo, koma botolo lake linali lonenepa pang'ono, ndipo linali ndi zilembo zachilendo zomwe palibe anatha kuwerenga.

Tsiku loiyesa kunali chiperoni. Kunja kunkawaza kamvula kosalekeza, amayi a kabichi atafunda mapepala apulasitiki. A Mervis anatseka chitseko kuti m'shopu muchite kamdima, aone bwino kuyaka kwa mavavu. Anayatsa. Poyamba kunali chete. Kenako timoto tofiirira tinaoneka m'mabotolo onse, ndipo sipika inayamba kupuma chapansipansi. A Malizani anagwira m'mphepete mwa kauntala.

"Yadzuka," ananong'ona.

Koma posakhalitsa kupuma kuja kunasanduka kung'ung'uza, ndipo kunkakulirakulira. A Malizani ananunkhiza m'mwamba. Mphuno yawo inazolowera kumva chinthu chikamayandikira kupserera.

"Mayi, taonani yatsopanoyo."

M'kati mwa vavu yatsopano, chitsulo chotuwa chomwe chimazungulira kamoto kaja chinali chitayamba kufiira pakati, ngati khasu lili pa ng'anjo. Vavu yakale inali bwinobwino. A Mervis anazimitsa msanga.

Galasi linkalira kuti the, the, pozizira.

"Kodi Philip anagula yabodza?" anafunsa a Malizani.

"Mwina. Koma ikanakhala yabodza sikanayaka n'komwe. Iyi ikuyaka mopitirira."

"N'chifukwa chiyani inzakeyo sikufiira? Magetsi ndi amodzi, nyumba ndi imodzi."

"Funso limenelo nanenso ndili nalo."

A Mervis anafufuza pa foni mpaka anapeza kanema wa mzungu wina wokalamba, wandevu, ali m'galaja modzaza ndi mavavu. Ankalankhula Chingerezi chothamanga. A Mervis ankamvetsera pang'ono, kuimitsa, n'kumasulira, ndipo a Malizani ankawadula ndi mafunso mpaka batire la foni linatha. Anachaja, n'kuyambiranso. Mawu omwe ankabwerabwera anali akuti bayasi.

"Akuti vavu ndi chinthu chadyera," anafotokoza a Mervis. "Ukaisiya yokha, imameza magetsi onse omwe yapeza mpaka kudziwotcha. Ndiye pamakhala kamagetsi kena kakang'ono, kolowera pa mwendo umodzi wa vavuyo, kamene ntchito yake ndi kuibweza kuti izidya mwa muyeso. Kameneko ndiye bayasi. Kakachepa, vavu imatentha n'kufiira. Kakachuluka, vavu imazizira ndipo mawu amatuluka okhadzulakhadzula."

A Malizani anaomba m'manja kamodzi.

"Ndiye kuti ndi dampala! Ukatsegula kwambiri tiyi wapserera, ukatseka kwambiri watuluka wamuwisi. Nanga dampala yake ili pati m'menemu? Tiitseke pang'ono."

"Ndiye vuto lake limenelo. Mulibe chopotokola. Azungu omwe anaipanga anangoika kachipangizo kochepetsa magetsi kotchedwa rezisita. Ndi rezisita imodzi, ya muyeso umodzi, yolamulira mavavu onse awiri. Nthawi imeneyo mavavu ankagulitsidwa awiriawiri, ofanana ngati mapasa. Athuwa si mapasa. Ina ndi nkhalamba yotopa, inayi ndi yanjala."

Popeza pepala lija linadyedwa ndi mphemvu, anayenera kuifunafuna okha rezisitayo. Anagadamitsa ampulifaya n'kuyamba kulondola mawaya ndi maso, kuchokera pa miyendo ya mavavu kubwerera m'mbuyo. Asanagwire chilichonse, a Mervis ankayamba akhetsa magetsi otsalira m'makapasita, chifukwa zimenezo zimasunga moto ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo moto wake ndi wokwana kupha munthu. Mzungu uja ananenanso kuti poyeza ampulifaya ili moyaka, dzanja limodzi lizikhala m'thumba kuti magetsi asadutse pamtima. A Mervis analibe thumba pa chitenje chawo, choncho ankapinda dzanja lamanzere kumbuyo ngati mwana wasukulu pa asembule. A Malizani nawonso ankapinda lawo, ngakhale sankagwira kanthu.

Anaipeza pakona, karezisita kofiirira kokhala ndi mizere yofufutika. A Mervis anaikapo mita yawo yoyezera magetsi. Pagalasi la mitayo panaoneka nambala, koma kutsogolo kwake kunali kamzere kochotsera.

"Mita yanu yadwala," anatero a Malizani.

"Ayi, ili bwino. Bayasi imakhala yochepera ziro."

"Chinthu chingachepere bwanji ziro? Ziro ndiye kuti palibe. Mungachotse chiyani pamene palibe?"

A Mervis anavula magalasi n'kuganiza.

"Tinene chonchi. Chitsulo cha ampulifayachi ndi nthaka yomwe taimapo, ndiye ziro. Magetsi aakulu aja ali pamwamba, ngati phiri. Bayasi ili pansi, ngati chitsime. Kuya kwa chitsime kumayezedwanso, si choncho?"

A Malizani anangoti, "Ehee," koma nkhaniyo inawatsatira m'minibasi mpaka kunyumba. Pa chakudya anawafotokozera a Fainess za magetsi okhala pansi pa ziro. A Fainess anafunsa ngati nthochi zinagulidwa zonse.

Nzeru yomwe anagwirizana inali yochotsa rezisita imodzi ija n'kuika zopotokola ziwiri, china cha vavu yakale, china cha yatsopano, kuti iliyonse izipatsidwa bayasi yoiyenera. Chopotokolacho ndi chonga cha voliyumu ya wailesi, amisiri amachitcha poti. Anafunikanso kuika karezisita kakang'ono kunsi kwa vavu iliyonse, poti aziikapo mita n'kuona kuti vavuyo ikudya magetsi ochuluka bwanji. A Mervis anajambula zonse pa katoni ya sopo, anafufuta, anajambulanso.

Pofika poboola mabowo awiri kumbuyo kwa ampulifaya, a Malizani anazengereza. Chitsulocho chinakhala zaka zonsezo chopanda bala. Anachisisita ndi chala, n'kufunsa ngati panalibe njira ina. A Mervis anati mapoti akhoza kulendewera m'kati, koma ndiye kuti pofuna kusintha azilowetsa dzanja pafupi ndi moto uja. Apo a Malizani ananyamula okha ampulifaya kupita nayo kwa owotcherera mageti, anazula mavavu onse n'kuwasunga m'chipewa, ndipo anaimirira pompo mpaka mabowo anatheka.

Mapoti awiri anawachotsa m'mawailesi akufa omwe anadzaza pansi pa kauntala. A Mervis anawotcherera mawaya ndi mtovu, utsi wake ukukwera mowongoka. Anapotokola mapoti onse kumbali yozizira, n'kuyatsa. A Malizani anagwira mita kuti aziwerenga manambala mokweza. Vavu yakale anaikweza pang'onopang'ono mpaka inafika pa muyeso womwe anawerengera. Anayamba yatsopano. Nambala inkakwera bwino, kenako mwadzidzidzi inalumpha n'kuthawira m'mwamba.

"Zimitsani! Zimitsani mayi!"

Kufiira kunali kutayamba kale. A Mervis anazula pulagi.

Atamasula poti ija anapeza kuti inali yodyeka m'kati. Pamalo ena kalilime kake, kachitsulo koyenda m'katimo munthu akamapotokola, kankasiya kukhudza, ndipo pamenepo vavu inkatsala yopanda bayasi n'komwe.

"Ndiye kuti tsiku lina poti ikadzatopa, vavu yapita?" anafunsa a Malizani. "Ku fakitale, unyolo wa dampala ukaduka, dampala inkagwa yokha n'kutseka. Tiyi ankatuluka wamuwisi, koma fakitale sinkapsa. Iyi singapangidwe kuti ikaduka izigwera kozizira?"

A Mervis anayang'ana katoni ija nthawi yaitali. Kenako anajambula karezisita kena, kochokera pa kalilime ka poti kupita kumbali ya chitsime chija.

"Kalilime kakasiya kukhudza, aka kazikokera vavu pansi. Ndikuganiza kuti zitheka. Tiyese tione."

Anapeza poti yabwinoko, anaika timarezisita totetezera pa mapoti onse awiri, ndipo pofuna kutsimikiza anadula dala waya wa kalilime ampulifaya ili moyaka. Nambala inagwa pansi. Vavu sinafiire. Awiriwo anaseka ngati ana, mpaka wometa tsitsi anasuzumira pakhomo kufunsa chomwe chachitika.

Atalumikizanso wayayo, a Mervis anaika nyimbo ya kwaya kuchokera pa foni. A Malizani anapempha kuti ayambe amva mawu a vavu yozizira, chifukwa ankafuna kudziwa kuti kukhadzula kuja kumamveka bwanji. Anamva. Oimba ankakhala ngati onse ali ndi chimfine, ndipo mawu apansipansi ankathothoka m'mphepete. Kenako a Mervis anakweza mapoti pang'onopang'ono mpaka manambala a mavavu awiri aja anafanana. Kung'ung'uza kunazimirira. Mawu anadzaza m'shopu, onenepa, ofunda, besi ikumveka m'thabwa la benchi. Amayi awiri a kabichi analowa ndi mapepala awo akudontha madzi, n'kuima pakhomo kumvetsera.

"Koma mawu amadutsa bwanji m'botolo?" anafunsa a Malizani nyimbo itatha.

"Sadutsamo," anatero a Mervis. "Mawu ang'onoang'ono ochokera ku foni amangogwedeza bayasi ija, kuikweza ndi kuitsitsa. Ikagwedezeka, magetsi aakulu odutsa m'botolo amagwedezekanso chimodzimodzi. Chomwe mukumva ku sipika ndi magetsi akutsanzira mawu."

A Malizani anapukusa mutu, akumwetulira. Anati zimenezo aziganizira bwino akafika kunyumba.

Anaipereka kuti izigwira ntchito kutchalitchi, komwe kachimkuzamawu kawo kapulasitiki kankalira ngati njuchi m'chitini. Lamulungu loyamba panali kachisokonezo. Abusa anagwira maikolofoni n'kuyamba pemphero ampulifaya itangoyatsidwa kumene, ndipo mawu awo anatulukira pakati pa chiganizo, mavavu atatentha, mokweza moti ana anadzidzimuka. Kuyambira apo a Malizani ankafika m'mamawa kudzaiyatsiratu.

Vuto lenileni linabwera tsiku la chikondwerero cha zokolola. Tchalitchi chinadzaza, anthu ena ali panja pansi pa mitengo ya mapeyala. A Fackson, otsogolera kwaya, anaona kuti akunjawo sakumva bwino. A Malizani anali atatuluka kukathandiza kutsitsa matumba a chimanga pa ngolo. A Fackson anapotokola voliyumu yakutsogolo mpaka kumapeto, ndipo posakhutira anazungulira kumbuyo, anaona timitengo tiwiri tachitsulo totuluka m'mabowo, n'kuganiza kuti ndi mavoliyumu ena. Anapotokola tonse tiwiri.

A Malizani anamva kung'ung'uza ali ndi thumba paphewa. Analiponya pansi n'kuthamanga, kudutsa pakati pa amayi a chigwirizano, mpaka kukazula pulagi nyimbo ili pakati. Kwaya inapitiriza ndi pakamwa pokha. Mavavu onse awiri anali ofiira, ndipo anazirala pang'onopang'ono iwo atagwada pambali pake.

Mapemphero atatha, a Fackson anabwera atagwira chipewa m'manja.

"Pepani achimwene. Ine ndimayesa ndi zokwezera mawu."

"Palibe mlandu. Chilichonse chotuluka panja chimaitana dzanja. Nanenso ndikanapotokola."

"Nanga ndi zachiyani?"

Limenelo linali funso lolakwika kufunsa munthu ngati a Malizani pa nthawi ya nkhomaliro. Anawakhazika a Fackson pa benchi n'kuwafotokozera za vavu yadyera, za chitsime, za magetsi otsanzira mawu, mpaka akazi a a Fackson anatumiza uthenga kuti chakudya chikuzizira.

Mavavu anapulumuka, ngakhale yakale ija inatsika mphamvu pang'ono ndipo inafunika kuikwezera poti yake. A Malizani anabwerera ku Bvumbwe. Anadula timitengo tija ndi sowo yachitsulo mpaka tinafupika kulowa m'kati mwa mabowo, n'kutema kamzere pamutu pa kalikonse, kuti kazitembenuka ndi sikuludiraiva yokha. A Mervis anawonjezeranso rezisita yoletsa poti kufika kotentha kwambiri ngakhale munthu ataipotokola mpaka kumapeto. Anawapatsa a Malizani mita yakale yong'aluka galasi, n'kutulutsira kunja timabowo tiwiri toyezera, kuti asamatsegule chivindikiro.

Ndi mita imeneyo a Malizani anatulukira zinthu zina. Anaona kuti manambala a m'mawa amasiyana ndi a masana. Anaona kuti chigayo cha pamsewu chikalira, manambala amatsika, chikazima amakwera. Anawaimbira foni a Mervis kuwauza, ndipo iwo anati asamathamangitse nambala iliyonse ndi sikuludiraiva, aisiye pakatikati basi. Anamvera, koma kuyeza sanasiye. A Mervis nawo mbiri yawo inamveka. Bambo wina wa ku Limbe anawabweretsera wailesi ya mavavu ya malemu agogo ake, ndipo tsiku loitsegula a Mervis anatumiza uthenga ku Kapichi kuti a Malizani abwere adzaone nawo.

Pakati pa sabata ampulifaya imagona kunyumba, chifukwa denga la tchalitchi limadontha. Amayi a chigwirizano ataona choncho anayamba kudzaphunzirira nyimbo zawo pakhonde la a Fainess Lachinayi masana, sipika itaikidwa pawindo. A Fainess amaimba mawu apansi, ndipo kwa zaka zonse m'kwaya mawu awo ankamira pansi pa anzawo. Tsiku lina amayiwo anawakakamiza kuti atsogolere nyimbo pa maikolofoni. Anakana kawiri, kachitatu anapukuta manja pa chitenje n'kuigwira.

A Malizani anali pabwalo akusongola mpini. Mawu atatuluka pawindo, anasiya mpeni. Anamvetsera ndime yoyamba ali chiimire. Kenako anafuna kudziwa kuti mawuwo akufika pati, ndipo anayamba kuyenda. Anadutsa nthochi za kuseri kwa nyumba, akumvabe. Anatsetsereka m'munda wa nandolo mpaka kumtsinje, akumvabe, ngakhale mawu a amayi ena aja anali atayamba kusowa n'kutsala a munthu mmodzi. Anawoloka pa miyala n'kukwera kutsidya, komwe kumayambira tiyi wa esiteti.

Kumeneko kunali gulu la othyola tiyi, madengu ali kumsana. Ena anali ataimitsa manja, atatembenukira komwe kunkachokera nyimboyo. Mayi wina wachikulire, a Marita, amene anagwirapo ntchito limodzi ndi a Malizani kalekale, anawazindikira.

"A Jonasi, kodi kwanuko kuli ukwati? Akuimbayo ndani, mawu okoma chonchi?"

"Ndi akazi anga," anatero a Malizani.

"A Fainess? Amaimba chonchi?"

"Inenso ndikuwamva lero."

Kapitawo anakuwa chapatali kuti manja abwerere pa tiyi. A Malizani anatsanzika n'kupitiriza kukwera m'kanjira ka pakati pa mizere, akuima pang'ono, kutchera khutu, n'kuyendanso. Pamwamba pa chitunda mphepo inkabweretsa nyimboyo n'kuichotsa. Anakhala pa chitsa cha bulugamu mpaka amayi aja anamaliza, ndipo pobwerera anadzera njira ya kuchigayo, yomwe ndi yotalikirapo koma yosaterera.